Mlonda Akasanduka Fisi, Mbuzi Zithaŵire Kuti?

Gawo lachitatu la nkhani zathu za dziko la Nigeria

M'gawo lapitali tidaona za chuma cha mafuta chimene dziko la Nigeria lidadalitsidwa nacho, ndi momwe chumacho chalepherera kufika m'mbale ya munthu wamba. Lero tiyeni tione nkhani ina imene anthu a m'dzikolo amaikamba ndi mtima woŵaŵa kwambiri, ndiyo ya apolisi, ya atsogoleri, ndi ya makhalidwe a eni dziko iwo eni. Zinthu zimenezi nzopiringidzana ngati chingwe, ndipo wofuna kumasula mfundo imodzi ayenera kutsata chingwe chonse. Dziko limene tikukambali lili ndi anthu oposa 220 miliyoni, kotero kuti zimene zimachitika kumeneko zimagwera munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi aŵiri alionse a mu Africa.

Pa mseu wa ku Onitsha

Munthu wokwera basi kuchokera ku Lagos kupita ku Onitsha, ulendo wa makilomita pafupifupi 450 wodzera ku Ore ndi ku Benin City, amafika atatopa ndi kuimaima. Pa mseu pamagonekedwa matabwa okhomedwa misomali, migolo ndi matayala akutha, ndipo pambali pake pamaima apolisi onyamula mfuti. Dalaivala wozoloŵera njirayo safunsa chimene walakwa. Amapindiratu kandalama ka pepala m'dzanja, natulutsa mkono pa zenera galimoto isanaime n'komwe. Wapolisi amalandira osayang'ana nkhope, nakankha thabwa lija ndi phazi. Zaka zapitazo kandalamako kankakhala ka 20 naira, ndipo mitengo ya zinthu pokwera, nakonso kakhala kakukwera. Dalaivalayo sataya kanthu, pakuti adaŵerengera kale ndalamazo pa mtengo wa tikiti. Wolipira weniweni ndi mai wogulitsa zilazi amene wakhala pa mpando wakumbuyo, ndiponso banja limene lidzagule chilazicho pa msika.

Wokana kupereka amauzidwa kuti aimike galimoto pambali, ndipo pamenepo mapepala ake onse amapezeka ndi chilema. Ena aima padzuŵa tsiku lonse, ena agona m'chitolokosi, ndipo alipo madalaivala ndi makondakitala amene adaomberedwa mfuti kaamba ka ndalama yosakwana kugula buledi. Pa makoma a mapolisi ambiri pamalembedwa mau akuti belo ndi yaulere, ndi ena akuti wapolisi ndi bwenzi lako. Anthu a ku Nigeria amatchula mau ameneŵa akafuna kuseketsa anzawo.

Mu 2010 bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti losonyeza kuti ndalama za pa mseu sizithera m'thumba la amene wazilandira. Wapolisi wamng'ono amapereka gawo kwa mkulu wake kuti asamchotse pa malo a msipu wobiriŵira, mkuluyo naye amapereka kwa womuposa, ndipo ndalama zimakwera makwerero mpaka kufika m'maofesi aakulu. Nchifukwa chake lamulo lochotsa matabwa pa mseu silikhalitsa. Mu 2012 mkulu wa apolisi onse, Mohammed Abubakar, adalamula kuti achotsedwe, ndipo ena omutsatira pa udindowo adalamulanso chimodzimodzi, koma nthaŵi zonse matabwa adabwerera. Kafukufuku amene ofesi ya boma yoona za ziŵerengero idachita pamodzi ndi nthambi ya United Nations mu 2019 adapeza kuti mwa anthu atatu alionse amene adakumana ndi apolisi, mmodzi adapereka chiphuphu kapena kupemphedwa kuti apereke.

Muzu wa nkhaniyi

Kuti timvetse chifukwa chimene wapolisi ndi munthu wamba amaonerana ngati mphaka ndi khoswe, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Angerezi atalanda Lagos mu 1861 adakhazikitsa kagulu ka alonda makumi atatu, ndipo posakhalitsa adayamba kulemba ntchito Ahausa ochokera kutali kumpoto kuti azilondera Ayoruba a ku gombe. Nzeru yake inali yakuti mlendo sachita manyazi kumenya munthu amene sadziŵa mai ake. Magulu a apolisi a kumpoto ndi a kummwera adaphatikizidwa mu 1930 nakhala polisi imodzi ya dziko lonse. Ntchito yawo yaikulu inali kutolera msonkho, kuteteza katundu wa makampani ndi kubalalitsa ogalukira. Mu 1929 amai a kummaŵa kwa dzikolo, makamaka a dera la Aba, ataukira nkhani ya msonkho, oposa 50 adaphedwa ndi mfuti za boma. Pa 18 Novembala 1949 apolisi adaombera anthu ogwira ntchito mu mgodi wa malasha wa Iva Valley ku Enugu amene ankanyanyala ntchito, ndipo 21 adafa.

Ufulu wodzilamulira utabwera pa 1 Okutobala 1960, mbendera idasintha koma maphunziro a wapolisi adatsala momwemo. Kenaka kudabwera asilikali. Kuyambira 1966 mpaka 1979, ndiponso kuyambira kumapeto kwa 1983 mpaka 1999, dzikolo lidalamulidwa ndi anthu a mfuti, zaka pafupifupi 29 zonse pamodzi. Olamulirawo sadafune polisi yamphamvu yoti nkupikisana nawo, motero adaimana ndalama ndi zipangizo, naiphunzitsa kuti wovala yunifolomu safunsidwa. Pa 18 Febuluwale 1977 asilikali pafupifupi chikwi adazinga nyumba ya woimba Fela Kuti ku Lagos, amene adawanyoza m'chimbale chake chotchedwa Zombie. Adatentha nyumbayo, naponya pa zenera mai ake okalamba, Funmilayo Ransome-Kuti, amene adamenyera nawo ufulu wa dzikolo. Maiwo adamwalira chaka chotsatira. Komiti yofufuza ya boma idati wotentha nyumba anali msilikali wosadziŵika, ndipo msilikali wosadziŵika ameneyu wakhala akupalamula milandu yambiri ku Nigeria kuyambira pamenepo.

Wapolisi naye ali ndi misozi yake

Sitingaweruze mlanduwu mwachilungamo tisanamve mbali ya wapolisi. Apolisi a dziko lonselo ndi pafupifupi 370,000, ndipo ambiri mwa iwo salondera anthu wamba. Mu 2018 Mike Okiro, amene anali wapampando wa bungwe loyang'anira ntchito za apolisi, adanena kuti oposa 150,000 anali kulondera akuluakulu ndi anthu achuma, ena mpaka kuwanyamulira zikwama ndi maambulera. Otsalawo amakhala m'nyumba zodontha, kaŵirikaŵiri amadzigulira okha yunifolomu ndi nsapato, ndipo munthu akabwera kudzanena kuti waberedwa amayamba wapemphedwa ndalama ya mafuta a galimoto ndi ya pepala lolembapo mlandu. Mu Febuluwale 2002 apolisi aang'onoang'ono adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Mu Januwale 2013 wailesi ya kanema ya Channels idaonetsa momwe ophunzira a pa sukulu ya apolisi ya Ikeja ankagonera m'zipinda zopanda zitseko ndi kugaŵana chakudya chosakwana, mpaka Pulezidenti Goodluck Jonathan adapita yekha kukadzionera.

Nanga ndalama zoyendetsera polisi zimapita kuti? Yankho lina lidapezeka mu 2005, pamene Tafa Balogun, amene anali mkulu wa apolisi onse, adavomera m'bwalo la milandu zolakwa zokhudza mabiliyoni a naira. Chilango chake chinali miyezi isanu ndi umodzi m'ndende. Wapolisi wa pa mseu adaona zimenezi, ndipo adaphunzirapo kanthu. Vuto lina lili m'malamulo oyendetsera dziko a 1999, amene ndime yake ya 214 imalola polisi imodzi yokha. Dzikolo lili ndi zigawo 36, chilichonse ndi bwanamkubwa wake wosankhidwa, koma mkulu wa apolisi m'chigawo amamvera Abuja. Zinthu zikalakwika, bwanamkubwa amaloza ku Abuja, a ku Abuja naloza kwa bwanamkubwa. Pothedwa nzeru ndi achifwamba ndi oba anthu, zigawo zisanu ndi chimodzi za Ayoruba zidakhazikitsa gulu lawolawo la alonda mu 2020, lotchedwa Amotekun, ndiko kuti kambuku. Otsutsa maganizo a polisi ya chigawo amakumbutsa kuti m'zaka zoyamba za ufulu apolisi a mafumu ndi a makhonsolo ankagwiritsidwa ntchito pozunza otsutsa boma, nchifukwa chake asilikali adawathetsa.

Mlandu suola, koma umachedwa

Usiku wina mu Juni 2005 achinyamata asanu ndi mmodzi, amuna asanu ochita malonda a zitsulo za galimoto ku Apo mu mzinda wa Abuja ndi mtsikana mmodzi, ankabwerera kwawo kuchokera kokasangalala. Apolisi adawapha onse, nalengeza kuti anali achifwamba. Amalonda anzawo adakana bodzalo ndi ukali, ndipo boma la Pulezidenti Olusegun Obasanjo lidakhazikitsa komiti yofufuza imene idapeza kuti anthuwo anali osalakwa. Chigamulo cha khoti chidabwera mu Malichi 2017, patapita zaka pafupifupi 12. Apolisi aŵiri aang'ono adagamulidwa kuti aphedwe, pamene wamkulu pa onse oimbidwa mlandu adamasulidwa. Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo abale a ophedwawo adaona tanthauzo la mwambiwu ndi maso awo.

Dzina limene lidadzaopsa kuposa onse ndi SARS, nthambi yapadera yolimbana ndi achifwamba imene idakhazikitsidwa ku Lagos mu 1992. Apolisi ake ankavala zovala wamba ndi kuyenda m'magalimoto opanda chizindikiro, kuti akuba asawazindikire. Ufulu womwewo ndi umene udawaononga. M'kupita kwa zaka adayamba kusaka anyamata ooneka ngati ali ndi kanthu. Wokhala ndi foni yamtengo wapatali, wonyamula kompyuta m'chikwama, wa tsitsi lopotana kapena wodzilemba mphini za makono pa mkono, ankaimikidwa ndi kunenedwa kuti ndi wakuba wa pa intaneti. Ankafufuzidwa mauthenga m'foni, natengedwa ndi mfuti kumsana mpaka pa makina otapira ndalama ku banki. Wokanika ankapachikidwa, kumenyedwa, ndipo ena sadaonekenso. Bungwe la Amnesty International lidalemba nkhani 82 za kuzunza ndi kupha kuyambira Januwale 2017 mpaka Meyi 2020, ngakhale kuti lamulo loletsa kuzunza anthu lidakhazikitsidwa mu 2017. Boma lidalonjeza kukonza nthambiyo mu 2017, mu 2018 ndiponso mu 2019, ndipo chaka chilichonse lonjezo lidafota.

Okutobala wa 2020

Kumayambiriro kwa Okutobala 2020 kanema wina wojambulidwa ku Ughelli m'chigawo cha Delta adafala pa intaneti, anthu nkumati apolisi a SARS aombera mnyamata ndi kumulanda galimoto. Apolisi adakana, koma mtsuko unali utadzaza kale. M'masiku oŵerengeka achinyamata adadzaza miseu ya Lagos, Abuja, Ibadan, Benin City, Port Harcourt ndi mizinda ina. Mfuu yawo m'Chiyoruba inali "soro soke," ndiko kuti lankhula mokweza. Pa 11 Okutobala mkulu wa apolisi, Mohammed Adamu, adalengeza kuti SARS yathetsedwa, koma patangopita masiku aŵiri adalengeza gulu lina lotchedwa SWAT loloŵa m'malo mwake. Achinyamata adati njoka yangofundula khungu, ndipo sadachoke pa mseu.

Aphunzitsi ndi ophunzira angachite bwino kusinkhasinkha zinthu zisanu zimene achinyamatawo adapempha. Adafuna kuti omangidwa pa zionetsero amasulidwe. Kuti mabanja a ophedwa ndi apolisi aone chilungamo ndi kupepesedwa. Kuti pakhale bungwe loima palokha lofufuza milandu ya apolisi. Kuti apolisi a SARS ayesedwe m'mutu ndi kuphunzitsidwanso asanatumizidwe kwina. Ndipo chachisanu, kuti malipiro a apolisi akwezedwe. Anthu omwe ankamenyedwa ndi amene adapempherera owamenya mkate wokwanira, pozindikira kuti mlonda wanjala amadya za m'nkhokwe. Ndiponso pa malo a zionetsero padaoneka khalidwe limene ambiri ankati Mnigeria alibe. Zinyalala zinkatoledwa madzulo alionse. Madokotala ndi maloya ankathandiza ulere. Gulu la amai lotchedwa Feminist Coalition linkasonkhanitsa ndalama ndi kulengeza poyera zimene zaloŵa ndi zimene zatuluka. Lachisanu Asilamu akamapemphera pa mseu, Akhristu ankaima mowazungulira kuti asasokonezedwe.

Lachiŵiri pa 20 Okutobala, zipolowe zitabuka m'madera ena, bwanamkubwa wa Lagos, Babajide Sanwo-Olu, adalamula kuti anthu onse akhale m'nyumba. Achinyamata amene anali pa chipata cholipirira magalimoto cha Lekki adakhala pansi, atanyamula mbendera zobiriŵira ndi zoyera, akuimba nyimbo ya fuko, pokhulupirira kuti msilikali sangaombere munthu wonyamula mbendera ya dziko lake. Kutangoyamba mdima asilikali adafika, naomba mfuti. Anthu zikwizikwi adaonera pa mafoni awo zimenezi zikuchitika. Poyamba akuluakulu a asilikali adati nkhaniyo njabodza. Kenaka adavomera kuti analipo koma adaomba zipolopolo zopanda mphamvu. Pambuyo pake adavomeranso kuti adanyamula ndi zipolopolo zenizeni. Amnesty International idati anthu osachepera 12 adaphedwa usikuwo ku Lekki ndi ku Alausa. Komiti ya chigawo cha Lagos yotsogozedwa ndi woweruza Doris Okuwobi idanena mu Novembala 2021 kuti anthu osanyamula zida adaphedwa pa chipatacho, koma boma la chigawocho lidakana mbali yaikulu ya zimene komiti yake yomwe idapeza. Mu Julayi 2024 khoti la ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa, lidagamula kuti boma la Nigeria lidaphwanya ufulu wa anthu pa Lekki.

M'masiku otsatira moto udayaka. Mabasi a boma, mapolisi ambiri ndi khoti lakale la Igbosere ku Lagos zidatenthedwa, ndipo Pulezidenti Muhammadu Buhari adati anthu wamba 51, apolisi 11 ndi asilikali 7 adafa pa zipolowe zonse. Makamu adathyola nyumba zosungiramo katundu ku Lagos, ku Jos, ku Ilorin, ku Calabar ndi kwina, napezamo matumba a mpunga, shuga ndi zakudya zina zimene zidaperekedwa kuti zigaŵidwe kwa osauka pa nthaŵi ya mliri wa Covid-19, koma zinali zisanagaŵidwe. Akuluakulu adati ankazisungira tsiku loyenera. Anthu adati sadabe kanthu, adangotenga zawo. Koma manja omwewo sadalekere pa mpunga wa boma. Adathyolanso masitolo a amalonda anzawo amene sadalakwire munthu.

Nanga eni dziko?

Apa tafika pa mbali imene anthu a ku Nigeria amadzidzudzula okha, ndipo pa kudzidzudzula palibe owaposa. Amadandaula za woyendetsa galimoto amene pothaŵa mdipiti wa ku Lagos amaloŵa njira ya obwera, natsekera anzake onse. Khalidweli lidafika poti boma la chigawocho lidayamba kutumiza ogwidwa kwa madokotala a misala kuti akayesedwe. Amadandaula za timapepala ta madzi akumwa totayidwa m'ngalande, timene timachititsa kuti mvula ikagwa madzi aloŵe m'nyumba za otaya omwewo. Amadandaula za wogulitsa voti yake ndi kathumba ka mpunga, amene maŵa lake amayamba kulira kuti mseu ndi wokumbika. Galimoto yonyamula petulo ikagubuduzika, anthu amathamangira ndi zidebe; mu Okutobala 2024 ku Majiya m'chigawo cha Jigawa anthu oposa 150 adapsa ndi moto ali kutunga mafuta otayika.

Choopsa kuposa zonse ndi kulanga munthu pa bwalo popanda mlandu kuzengedwa. Pa 5 Okutobala 2012 ophunzira anayi a pa yunivesite ya Port Harcourt adagwidwa m'mudzi wa Aluu, wina atakuwa kuti ndi akuba. Adavulidwa, kumenyedwa, kuvekedwa matayala ndi kutenthedwa khamu likuonerera, ena akujambula ndi mafoni. Mu 2017 khoti lidagamula kuti anthu atatu aphedwe chifukwa cha imfazo, ndipo mmodzi mwa iwo anali wapolisi. Mu Malichi 2025 alenje 16 ochokera kumpoto, amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, adaphedwa ndi khamu ku Uromi m'chigawo cha Edo poganiziridwa kuti ndi oba anthu. Ochita zotere akafunsidwa amati kupereka wakuba ku polisi nkutaya nthaŵi, pakuti maŵa adzamuona akuyenda pa msika. Chidandaulo chawo chili ndi maziko, koma mankhwala awo amapha osalakwa, ndipo mnyamata wophedwa ndi khamu adafa imfa yofanana ndi ya wophedwa ndi SARS: adaweruzidwa ndi maonekedwe, osapatsidwa mpata woyankha.

Chikoti chidayesedwa kale

Pakakhala chisokonezo chotere samasoŵa onena kuti anthu ameneŵa afunika dzanja lachitsulo. Dzanjalo lidayesedwa. Muhammadu Buhari, ali mkulu wa asilikali, adalanda boma pa 31 Disembala 1983, ndipo mu Malichi 1984 iye ndi wachiŵiri wake Tunde Idiagbon adayambitsa nkhondo yolimbana ndi kusamvera mwambo. Asilikali a zikoti adaima pa masiteji a basi, anthu nayamba kuima pa mzere. Wogwira ntchito m'boma wofika mochedwa ankalumphitsidwa ngati chule pamaso pa anzake. Mizinda idasesedwa, ndipo alipo achikulire amene mpaka lero amakumbuka masikuwo ndi chisangalalo. Koma boma lomwelo lidamanga atolankhani aŵiri a nyuzipepala ya The Guardian, Tunde Thompson ndi Nduka Irabor, chifukwa cha nkhani imene adalemba, ndipo mu Epulo 1985 lidaombera anyamata atatu ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo pogwiritsa ntchito lamulo limene kunalibe pamene ankapalamula. Ibrahim Babangida atalanda boma mu Ogasiti 1985 zikoti zidachoka pa masiteji, mizere nayo idabalalika. Anthu adaphunzira kuopa chikoti. Kulemekeza amene wafika poyamba kunali kusanaloŵe m'mtima.

Zaka ziŵiri izi zisanachitike, mu 1983, mlembi Chinua Achebe adatulutsa kabuku kotchedwa The Trouble with Nigeria, momwe adasenzetsa atsogoleri mlandu waukulu wa mavuto a dzikolo. Adaona kuti munthu wamba sangasunge lamulo la pa mseu pamene galimoto za akuluakulu zimadutsa ndi malikhweru, alonda awo akukwapula aliyense wochedwa kupatuka. Achebe adachita zimene adalemba: mu 2004 ndiponso mu 2011 adakana mendulo yaulemu imene boma lidafuna kumpatsa. Komabe funso lidatsala lakuti atsogoleriwo amachokera kuti, ngati si m'nyumba ndi m'midzi ya anthu omwewo.

Mabwalo aŵiri m'mtima umodzi

Yankho lozama lidachokera kwa mphunzitsi wa pa yunivesite ya Ibadan, Peter Ekeh, m'nkhani imene adalemba mu 1975. Iye adati utsamunda udasiya munthu wa mu Africa ali ndi mabwalo aŵiri. Loyamba ndi la mtundu wake, mudzi wake ndi abale ake, ndipo m'menemo amasunga mwambo, amapereka mowoloŵa manja ndi kuchita manyazi akalakwa. Lachiŵiri ndi la boma, ofesi, polisi ndi msonkho, limene lidabwera ndi alendo, ndipo m'menemo amaona ngati mulibe tchimo. Msungichuma wa bungwe la kumudzi kwawo sangabe ngakhale kobo imodzi, koma munthu yemweyo akakhala m'ofesi ya boma amatapa ndi manja aŵiri, natumiza gawo kumudzi, kumene amalandiridwa ndi ng'oma.

Umboni wa mau a Ekeh udaoneka patapita zaka zoposa makumi anayi. James Ibori, amene anali bwanamkubwa wa chigawo cha Delta, adagamulidwa ndi khoti la ku London mu 2012 kukhala m'ndende zaka 13 atavomera milandu ya chinyengo ndi kubisa ndalama zakuba. Atabwerera kwawo ku Oghara mu Febuluwale 2017, makamu adamlandira ndi nyimbo ndi magule ngati ngwazi yochokera ku nkhondo. Ambiri mwa ovinawo anali anthu omwe zipatala ndi masukulu awo zikadamangidwa ndi ndalamazo. M'dziko momwemo wakuba foni pa msika akhoza kuvekedwa tayala.

Kumene zinthu zafika

Pa chisankho cha 2023 anthu oposa 93 miliyoni adalembetsa, koma oponya voti adali pafupifupi 27 mwa 100 alionse, ndipo Bola Tinubu adapambana ndi mavoti osakwana 9 miliyoni. Pa tsiku lolumbira, 29 Meyi 2023, adalengeza kuti boma laleka kuthandizira mtengo wa petulo, ndipo lita imodzi imene inkagulidwa pa mtengo wosakwana 200 naira idapitirira 1,000 naira chisanathe chaka cha 2024. Mu Ogasiti 2024 anthu adabwereranso pa mseu masiku khumi podandaula za njala ndi ulamuliro woipa. Amnesty International idati apolisi adapha anthu osachepera 24. Mu Novembala chaka chomwecho ana amene adamangidwa pa zionetserozo adaimikidwa m'khoti ku Abuja pa mlandu woukira boma, ena nakomoka m'bwalo momwemo chifukwa cha kufooka, mpaka dziko litafuula Pulezidenti adalamula kuti amasulidwe. Madokotala, anamwino ndi achinyamata ophunzira ambiri adasankha njira imene amaitcha "japa," liu la Chiyoruba lotanthauza kuthaŵa, napita ku Britain, ku Canada ndi ku America.

Tsono ndani adaononga mnzake, wapolisi, mtsogoleri kapena munthu wamba? Aliyense mwa atatuŵa ali ndi chifukwa choloza mnzake chala, ndipo zifukwa zonsezo nzoona. Koma kulemera kwa mlandu sikufanana. Amene wapatsidwa mfuti ndi chuma cha dziko ali ndi ngongole yaikulu kuposa mai wa zilazi uja, chifukwa chilango chikalephera kufika pamwamba, apansi amaphunzira kuti lamulo ndi ukonde wokola matemba okha. Masabata aŵiri a Okutobala 2020 adasonyeza kuti Mnigeria amatha kutola zinyalala, kuima pa mzere ndi kusunga ndalama za gulu mokhulupirika popanda chikoti, akakhulupirira kuti chinthucho nchake ndiponso kuti wolakwa aliyense adzafunsidwa. Ntchito imene dzikolo likulimbana nayo ndi yakuti chikhulupiriro chimenecho chifike pa polisi, pa khoti ndi pa bokosi la voti.

Inu aphunzitsi, pophunzitsa za ufulu ndi udindo wa nzika, nkhani ya Apo, ya Aluu ndi ya Lekki ikhoza kuthandiza ana kuona kufunika kwa lamulo lakuti munthu asalangidwe mlandu wake usanamveke, kaya wolangayo wavala yunifolomu kapena ayi. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu, ena mwa inu mudzavala yunifolomu, ena mudzakhala m'maofesi, ena mudzayendetsa magalimoto. Mudzakumbukire mau a makolo akuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

M'gawo lotsatira tidzaona za masukulu ndi mayunivesite a ku Nigeria, ndi chifukwa chimene aphunzitsi a kumeneko akhala akunyanyalira ntchito kaŵirikaŵiri.